Mafunso ndi mayankho: ndondomeko ya chisamaliro cha wodwala dementia m'nyumba zosamaliramo okalamba ku England

Anthu ambiri olankhula Chichewa amene ali ku Britain amagwira ntchito yosamalira okalamba, makamaka kuchokera mu February 2022 pamene boma la dzikoli linalola kuti ogwira ntchito imeneyi azilembedwa kuchokera kunja, ngakhale kuti njira imeneyi inatsekedwa mu July 2025. Ena, ngakhale kuti ndi ochepa, ayamba kuona makolo kapena apongozi awo akulowa m'nyumba zomwezo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa ndi magulu awiriwa pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi, ndipo onse akukhudza chikalata chimodzi chimene ku ntchito timachitchula kuti care plan, chomwe pano ndichitchule kuti ndondomeko ya chisamaliro. Malamulo amene nditchule ndi a ku England. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi awo.

Kodi dementia ndi chiyani, ndipo kodi si ukalamba chabe?

Si ukalamba chabe. Dementia ndi dzina la zizindikiro zimene zimadza ubongo ukamawonongeka pang'onopang'ono ndi matenda osiyanasiyana, ndipo mwa matenda amenewa otchuka kwambiri ndi a Alzheimer, amene bungwe la World Health Organization limati amayambitsa pakati pa 60 ndi 70 mwa odwala 100 alionse. Ena amadwala chifukwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo yawonongeka, nthawi zambiri pambuyo pa sitiroko. Pali mtundu wotchedwa Lewy body, umene munthu amaona zinthu zomwe palibe ndipo amasinthasintha m'tsiku lomwelo, komanso wotchedwa frontotemporal, umene umayamba ndi kusintha kwa khalidwe kapena kwa kalankhulidwe kuiwala kusanafike. Pa dziko lonse odwala amapitirira 55 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Kwathu agogo akayamba kusochera usiku n'kupezeka pakhomo pa anthu ena ali mbulanda, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwa anthu amakhala akuti ufiti, pamene chomwe chachitika n'chakuti ubongo wawo sukusiyanitsanso usana ndi usiku. Mtundu wa dementia uyenera kulembedwa momveka pa tsamba loyamba la ndondomeko, chifukwa umasintha zambiri, kuphatikizapo mankhwala amene munthuyo sayenera kupatsidwa.

Kodi mawu akuti chisamaliro choika munthu patsogolo anachokera kuti?

Amene anawadziwitsa kwambiri pa nkhani ya dementia ndi Tom Kitwood, katswiri wa za maganizo pa yunivesite ya Bradford, amene anamwalira mu 1998. Iye anatengerako maganizo a Carl Rogers wa ku America, ndipo m'buku lake la mu 1997 lotchedwa Dementia Reconsidered anafotokoza kuti kufooka kumene timaona mwa wodwala sikuchokera ku ubongo wokha. Kumachokeranso ku thanzi la thupi lake, mbiri ya moyo wake, chibadwa chake, ndiponso mmene anthu omuzungulira akumuchitira. Anatchula makhalidwe amene osamalira amachita, nthawi zambiri popanda cholinga choipa, koma amene amachotsa munthu umunthu: kumulankhula ngati mwana, kulankhula za iye ali pomwepo ngati kuti palibe, kumufulumizitsa kuposa mmene angathere, kumuchitira zinthu zimene akanatha kuchita yekha, kumunamiza kuti amvere. Anatinso wodwala amafuna kutonthozedwa, kukhala ndi munthu womudalira, kuwerengeredwa pagulu, kukhala ndi chochita, ndi kudziwika kuti ndi ndani.

Pambuyo pake katswiri wina, Dawn Brooker, anaika mfundozi m'dongosolo lotchedwa VIPS (kulemekeza munthu, kumusamalira monga mmene iye alili, kuona zinthu mmene iye akuzionera, ndi kumukhazika pakati pa anthu omulimbikitsa), limene nyumba zambiri zimaphunzitsira antchito ake. Lero nkhaniyi ili m'malamulo. Lamulo la nambala 9 mwa malamulo a mu 2014 oyendetsera ntchito za umoyo ndi chisamaliro limati chisamaliro chiyenera kukhala choyenerera munthuyo, chokwaniritsa zosowa zake ndi chotsata zimene iye amakonda, ndipo bungwe la Care Quality Commission, limene onse amalitchula kuti CQC, ndi limene limayendera nyumbazi kuona ngati zikutero.

Kodi m'ndondomekoyi muyenera kulembedwa chiyani?

Gawo la thupi limakhalamo m'nyumba iliyonse, popeza ndi limene oyendera amayamba kufufuza: mankhwala, kayendedwe ndi chiopsezo cha kugwa, khungu ndi zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, kulemera kwa thupi ndi kadyedwe, kumeza, kupita kuchimbudzi, tulo, maso, makutu ndi mano. Zonsezi n'zofunika ndithu. Koma ndondomeko ikhoza kukhala ndi masamba makumi asanu a zimenezi n'kukhala yosanena kalikonse za munthu amene wagona m'chipinda nambala 12.

Kuti ndione ngati ndondomeko ndi yabwino ndimadzifunsa funso limodzi: wosamalira wobwerekedwa ku kampani, amene wafika usiku uno ndipo sanaonepo munthuyu, akawerenga kwa mphindi zisanu, kodi adziwa chochita? Tinali ndi bambo wina amene ndondomeko yake yoyamba inangonena kuti amayendayenda usiku ndipo azibwezedwa kukagona. Usiku uliwonse inali nkhondo. Mwana wawo wamkazi atabwera kudzacheza ndi pamene tinamva kuti bambowa anagwira ntchito yophika buledi moyo wawo wonse, ndipo ankadzuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kwa zaka zoposa makumi atatu. Tinalembanso gawo limenelo motere: amadzuka pakati pa 4 ndi 5 koloko ndipo kwa iwo kumakhala kuti kwacha, musawabweze pabedi, athandizeni kuvala, apatseni tiyi wopanda shuga m'kapu yawo yabuluu ndi buledi wootcha, kenako apatseni kansalu kuti apukute matebulo a m'chipinda chodyera, amagonanso okha ikatha nkhomaliro. Ankapukuta tebulo lililonse mpaka m'mbali mwake, n'kupinda kansaluko kanayi, n'kukaika paphewa. Palibe mankhwala amene anawonjezedwa, ndipo mawu akuti amayendayenda anachoka m'mabuku athu.

Choncho m'ndondomeko muzipezeka dzina limene munthu amafuna kuitanidwa nalo, ntchito imene ankagwira, anthu amene amawakonda ndi amene anamwalira, chipembedzo chake, nthawi yake yodzuka ndi yogona, kaya amasamba m'bafa kapena pa shawa ndipo m'mawa kapena madzulo, kaya amalola kusambitsidwa ndi mwamuna kapena mkazi, zimene zimamuopsa, zimene zimamukhazika mtima pansi, ndiponso, chimene chimaiwalika kawirikawiri, zimene akuthabe kuchita yekha. Ngati mayi akutha kumanga mabatani a bulauzi yawo akapatsidwa mphindi zitatu, zimenezo zilembedwe, chifukwa wosamalira wofulumira akawamangira kwa miyezi iwiri luso limenelo likhoza kutayika osabwereranso.

Ndani amalemba ndondomekoyi, ndipo imaunikidwanso liti?

M'nyumba zimene mumakhala namwino usana ndi usiku, amene amailemba ndi namwino. M'nyumba zopanda anamwino amalemba ndi wosamalira wamkulu kapena woyang'anira nyumba. Ntchitoyi imayamba munthu asanalowe, pamene nyumbayo imatuma wina kukamuona kwawo kapena kuchipatala. Mwiniwakeyo ayenera kufunsidwa malinga ndi mmene angathere, ngakhale atakhala kuti akungotha kuloza chimene akufuna pakati pa zinthu ziwiri. Bungwe la Alzheimer's Society lili ndi kafomu kaulere kotchedwa This is me, kamene achibale angathe kulemba kunyumba, ndipo ndimalangiza banja lililonse kuti lilembe kameneka nthawi ikadalipo, pamene kholo likutha kuyankha lokha. Nyumba zambiri zimaunikanso ndondomeko mwezi uliwonse, koma munthu akagwa, akachokera kuchipatala, akayamba kuonda kapena akasintha khalidwe, iyenera kuunikidwa nthawi yomweyo posadikira tsiku la pa kalendala.

Mayi anga ayamba kumenya ndi kutukwana osamalira, zomwe sankachita kale. Kodi ndondomeko ingathandize bwanji?

Ili ndilo funso limene limabwera ndi misozi, ndipo ndiliyankha motalikirapo. Munthu amene mawu akumuthera amalankhula ndi thupi. Akakankha dzanja lanu, akakuwa, akaluma, akakana chakudya, nthawi zambiri pamakhala chimene akunena, ndipo ntchito ya osamalira ndi kufufuza chimenecho asanamupatse dzina lakuti ndi wandewu.

Pofufuza timayamba ndi thupi. Kodi akumva kupweteka? Kodi adzimbidwa? Kodi ali ndi matenda a m'njira ya mkodzo kapena chifuwa? Kodi akumwa madzi okwanira? Kodi mano oikirira akuwapweteka nkhama, magalasi atayika, kapena batire la kachipangizo kothandiza kumva latha? Munthu akasintha mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku awiri, n'kuyamba kusokonezeka kuposa kale kapena kumangogona, kawirikawiri chimakhala chimene madokotala amachitchula kuti delirium, ndipo ameneyo amafunika dokotala tsiku lomwelo, chifukwa pansi pake pamakhala matenda ochizika.

Kupweteka ndi kumene timaphonya kwambiri, popeza wodwala safika ponena kuti phewa likundiwawa. Ku Norway, kafukufuku wa Bettina Husebo ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011 ndipo wokhudza anthu 352 a m'nyumba zosamaliramo okalamba, anaonetsa kuti kupereka mankhwala opha ululu mwadongosolo, kuyambira ndi parasitamo, kunachepetsa kusakhazikika kwa odwala, ndipo mankhwalawo atasiyidwa vutolo linabwerera. Ine ndinazionapo ndi maso. Mayi wina ankamenya aliyense wowaveka m'mawa, ndipo m'buku munadzaza mawu akuti anachita ndewu povala. Mnzathu wina wachete, amene ankakonda kuonetsetsa asanalankhule, anazindikira kuti mayiwa samenya akamavekedwa siketi kapena masokosi. Amamenya pokhapokha dzanja lamanzere likakwezedwa kuti lilowe m'juzi, ndipo asanamenye amatsinzina n'kukoka mpweya. Dokotala anapeza nyamakazi m'phewa. Mu ndondomeko tinalemba kuti azimwa mankhwala opha ululu mphindi makumi atatu asanayambe kuvala, kuti dzanja lamanzere lizilowa loyamba, ndipo achibale anagula majuzi otsegula kutsogolo. Pofuna kuyeza ululu mwa munthu wosalankhula, nyumba zambiri zimagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Abbey Pain Scale, umene umayang'ana nkhope, kubuula, mmene thupi laumira ndi kusintha kwa kadyedwe.

Thupi likapezeka kuti lili bwino, timayang'ana malo ndi anthu: phokoso la wailesi ya kanema, kuzizira kwa m'bafa, anthu awiri kulankhula nthawi imodzi, kufikiridwa kumbuyo mosayembekezera, kuvulidwa ndi munthu wachilendo. Tiganize mmene ife tingachitire mlendo atalowa m'chipinda mwathu m'mamawa n'kuyamba kutivula. Osamalira amalemba pa fomu chimene chinachitika vuto lisanayambe, chimene munthu anachita, ndi chimene chinatsatira, ndipo pakapita sabata imodzi kapena awiri chinthu chobwerezabwereza chimaonekera. Chimenecho ndicho chiyenera kulowa mu ndondomeko, pamodzi ndi njira imene yapezeka kuti imathandiza, yolembedwa m'mawu oti aliyense atsatire.

Nanga bwanji osangowapatsa mankhwala owakhazika mtima pansi?

Chifukwa mankhwala amenewa amapha ena mwa owamwa. Mu 2009 Pulofesa Sube Banerjee analembera boma lipoti limene linati anthu pafupifupi 180,000 odwala dementia ankapatsidwa mankhwala a misala otchedwa antipsychotics chaka chilichonse, kuti amene ankathandizidwa nawo sankapitirira 36,000, ndipo kuti mankhwalawa ankayambitsa imfa zowonjezera pafupifupi 1,800 pa chaka. Amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, kugwa ndi chibayo, ndipo kwa odwala mtundu wa Lewy body akhoza kuvulaza koopsa ngakhale atamwa pang'ono. Malangizo a mu 2018 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku England, amati aziperekedwa pokhapokha munthu ali pa chiopsezo chodzivulaza kapena kuvulaza ena, kapena akuzunzika kwambiri, pa mlingo wochepetsetsa, ndipo aziunikidwa osapitirira masabata asanu ndi limodzi alionse. Sindikunena kuti ndi osafunika konse. Ndinaonapo munthu amene ankaona njoka pabedi pake usiku wonse akupeza mpumulo. Koma ngati kholo lanu likumwa mankhwala otere, ndondomeko iyenera kunena chifukwa chake, zimene zinayesedwa poyamba, ndi tsiku limene dokotala adzaone ngati angachepetsedwe. Mukapeza kuti tsiku limenelo silinalembedwe, funsani.

Bambo anga amafunsa za amayi awo amene anamwalira kalekale. Tiziwauza zoona kapena tiziwanamiza?

Pa funso ili akatswiri sagwirizana kotheratu, ndipo ndinena mmene ine ndimaonera. Kuuza munthu m'mawa uliwonse kuti mayi ake anamwalira ndi kumupatsa uthenga wa maliro watsopano tsiku ndi tsiku, chifukwa wa dzulo anauiwala koma chisoni amachimva chonse. Kumunamiza kuti mayi anu akubwera madzulo kumakhalanso ndi vuto lake, popeza ena amadikira pawindo mpaka mdima, ndipo wosamalira wina akadzayankha zosiyana, wodwala amasiya kukhulupirira aliyense. Njira imene imathandiza kawirikawiri ndi kuyankha chimene chili pansi pa funsolo. Munthu wa zaka 85 wofunsa mayi ake nthawi zambiri amakhala ndi mantha, watopa, kapena wasungulumwa. Mukhoza kukhala naye pansi n'kunena kuti, “Mwawasowa amayi anu eti? Tandiuzani, ankakonda kuphika chiyani?” Chimodzimodzi ndi amene amanyamula chikwama madzulo alionse n'kumati akupita kwawo kukalandira ana ochokera kusukulu. Chachikulu n'chakuti banja ndi osamalira agwirizane yankho limodzi, lilembedwe mu ndondomeko, ndipo akadzafunsa molunjika kuti kodi anamwalira, pakhale patagwirizanidwa kale mmene angauzidwire mofatsa.

Ine ndine mwana woyamba. Kodi si ine woyenera kusankhira mayi anga zonse?

Mwa chikhalidwe chathu, nkhani ikakula amagamula ndi mwana wamkulu, malume kapena mwinimbumba. Lamulo la ku England siliyendera zimenezo, ndipo mabanja ambiri amakhumudwa akamva kuti kulembedwa ngati wachibale wapafupi sikupereka mphamvu iliyonse yosankhira munthu. Lamulo lotchedwa Mental Capacity Act la mu 2005 limayamba ndi mfundo yakuti munthu aliyense wamkulu aziyesedwa wotha kudzisankhira mpaka zitatsimikizika kuti sangathe, ndipo kutsimikizako kumachitika pa nkhani imodziimodzi ndi pa nthawi yake. Mayi akhoza kulephera kumvetsa za kugulitsa nyumba koma n'kumatha bwinobwino kusankha chovala, chakudya, ndi amene akufuna kuti awachezere. Woyeza amaona ngati munthu akutha kumva nkhaniyo, kuisunga m'mutu kwa nthawi yokwanira, kuisinkhasinkha, ndi kunena chimene wasankha mwa njira ina iliyonse. Lamuloli limanenanso kuti kusankha mopanda nzeru si umboni wakuti munthu sangathe kusankha.

Zikapezeka kuti sangathedi, chosankhacho chimapangidwa moganizira ubwino wake, poyang'ana zimene ankakhulupirira ndi zimene ankanena ali bwino, ndipo achibale ayenera kufunsidwa maganizo awo. Koma kuti inu mukhale wogamula, kholo liyenera kukhala litakupatsani mphamvuyo mwa chikalata chotchedwa Lasting Power of Attorney pamene linali likutha kusankha, ndipo chikalatacho chikhale cholembetsedwa ku ofesi ya boma yotchedwa Office of the Public Guardian. Zikalatazi zilipo ziwiri, china cha chuma ndi katundu, china cha umoyo ndi chisamaliro, ndipo ambiri amachita cha chuma chokha n'kuiwala chinacho. Nthawi ikadutsa, njira yotsala ndi ya ku khoti lotchedwa Court of Protection, imene ndi yaitali ndiponso yodula. Wopanda wachibale kapena mnzake womuimira amapatsidwa womulankhulira wodziimira payekha pa nkhani zikuluzikulu.

Kodi n'kololedwa kutseka zitseko kapena kubisa mankhwala m'chakudya?

N'kololedwa pokhapokha njira za lamulo zitatsatidwa. Ngati munthu sangathe kuvomereza kukhala m'nyumbamo, ndipo akuyang'aniridwa nthawi zonse ndi kuletsedwa kuchoka, nyumbayo imayenera kupempha chilolezo ku khonsolo pansi pa dongosolo lotchedwa DoLS, limene linayamba kugwira ntchito mu 2009. Zitsulo za m'mbali mwa bedi, malamba a pampando ndi mphasa zolira munthu akaponda, zonsezi zimachepetsa ufulu, ndipo ndondomeko iyenera kuonetsa kuti njira yopepukirapo inaganiziridwa. Kubisa mankhwala m'phala kapena m'yogati kumafuna kuti munthuyo ayezedwe kaye ngati angathe kusankha, kenako dokotala, wa zamankhwala ndi banja akambirane n'kulemba. Wosamalira sangangoganiza yekha kuphwanya piritsi, ndipo mapiritsi ena saphwanyidwa n'komwe. Ndionjezere kuti kuopa kugwa kwachititsa nyumba zina kukhazika anthu pampando tsiku lonse, miyendo n'kufooka, n'kudzagwabe. Munthu amene moyo wake wonse ankalima dimba ali ndi ufulu wotuluka panja, ndipo ntchito ya ndondomeko ndi kunena mmene angatulukire: nsapato ziti, nthawi yanji, ndi ndani.

Kodi chilankhulo ndi chikhalidwe cha munthu zimalowamo bwanji?

Anthu ambiri amene anaphunzira Chingerezi atakula amayamba kuchitaya matendawa akamakula, n'kubwerera ku chilankhulo chimene anayamwira. Mayi amene anagwira unamwino ku Leicester kapena ku Manchester kwa zaka zambiri akhoza kudzafika pomangolankhula Chichewa kapena Chitumbuka, osamalira n'kulemba kuti akulankhula zosamveka pamene akupempha madzi. Banja lilembe mawu ofunika pa pepala pamodzi ndi katchulidwe kake, monga madzi, kupweteka, chimbudzi, ndazizidwa, zikomo, ndipo pepalalo likhale mu ndondomeko komanso pakhoma la chipinda. Lilembenso kuti munthuyu aziitanidwa Amayi kapena ndi mfunda wake, chifukwa mayi wa kwathu woitanidwa ndi dzina lake loyamba ndi mtsikana wa zaka makumi awiri amamva kunyozedwa ngakhale ataiwala zina zonse. Nyimbo za kutchalitchi zimene anaimba ali mwana zimakhalabe m'mutu mawu ena atatha. Za chakudya, nsima yofewa kapena phala la mgaiwa zikhoza kudyedwa ndi munthu amene wakana mbatata yosinja kwa sabata yonse, koma ngati ali ndi vuto lomeza, achibale afunse kaye mlingo wa kufewa umene katswiri wa kameza anaulemba asanabweretse chakudya cha kunyumba. Kudya ndi manja kulembedwe ngati chizolowezi chake, kuti wina asakuyese chizindikiro cha matenda.

Kwa ife osamalira nkhaniyi ilinso ndi mbali yake ina. Ulemu umene tinaleredwa nawo umatichititsa kufuna kuchitira wamkulu chilichonse ndi kumutchula kuti Mama kapena Papa, pamene Mzungu wokalamba angafune kuitanidwa ndi dzina lake basi, n'kudzithirira yekha tiyi ngakhale dzanja likunjenjemera. Tiziwerenga zimene zalembedwa, tisamayendere zimene agogo athu akanakonda. Palinso odwala ena amene amanyoza osamalira akuda. Matenda amamasuladi lilime, koma wosamalira sayenera kungopirira mwakachetechete. Zilembedwe, woyang'anira adziwe, ndipo ndondomeko inene mmene antchito atetezedwere.

Antchito ndi ochepa ndipo nthawi imasowa. Kodi zonsezi n'zotheka?

Ndinganame nditanena kuti n'zophweka. Osamalira awiri amene ali ndi anthu khumi ndi asanu oti awadzutse chakudya cha m'mawa chisanafike sangakhale pansi ndi aliyense kwa theka la ola, ndipo ndondomeko yokongola siwonjezera manja. Komabe zambiri zimene ndatchula sizidya nthawi: kugogoda pachitseko, kufika kutsogolo kwa munthu n'kutsika kuti maso alingane, kunena chimene mukufuna kuchita musanamukhudze, kuonetsa malaya awiri kuti asankhe. Kulimbana ndi munthu wokana kusamba kumatenga nthawi yaitali kuposa kumusiya n'kubwereranso pakapita mphindi makumi awiri. Kafukufuku wotchedwa WHELD, wotsogoleredwa ndi Clive Ballard m'nyumba 69 za ku England ndipo wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti kuphunzitsa antchito njira zimenezi, pamodzi ndi kupatsa wodwala aliyense ola limodzi pa sabata lochezeredwa pa zinthu zimene amakonda, kunakweza moyo wa odwala ndi kuchepetsa kusakhazikika. Vuto limene ndimaliona kwambiri masiku ano ndi la ndondomeko za pa foni ndi pa kompyuta, zimene wina amakopera mawu a munthu uyu n'kuwaika kwa uyo, mpaka mayi kulembedwa kuti amameta ndevu m'mawa.

Kodi za mapeto a moyo zikambidwe liti?

Zikambidwe msanga, ngakhale kuti kwathu kukamba za imfa ya munthu wamoyo kumamveka ngati kumulodza. Dementia ndi matenda ofupikitsa moyo, ndipo chakumapeto munthu amavutika kumeza, amadwala chibayo kawirikawiri ndipo amagona nthawi zambiri. Ndondomeko iyenera kunena ngati munthuyo angafune kupita kuchipatala akadwalika kapena kusamaliridwa pomwepo, amene ayenera kuitanidwa ngakhale pakati pa usiku, abusa, ansembe kapena shehe amene angamupempherere, ndiponso ngati thupi lidzatumizidwe kumudzi, zimene zimafuna ndalama ndi makalata ambiri. Fomu ya DNACPR imanena chinthu chimodzi chokha, kuti mtima ukaima asayese kuudzutsa. Siletsa mankhwala, chakudya kapena chisamaliro china, ndipo dokotala ayenera kukambirana ndi wodwala kapena banja lake poilemba. Madera ambiri akugwiritsa ntchito fomu ya ReSPECT, imene imafotokoza zofuna za munthu mokulirapo. Mabanja ambiri amapempha chubu chodyetsera kholo likasiya kudya, koma malangizo a NICE salimbikitsa chubu kwa amene matendawa afika patali, kupatula ngati chomulepheretsa kudya ndi matenda ena ochizika. Chimene chimachitika ndi kumudyetsa pang'onopang'ono ndi supuni zimene akuzikonda, ndi kumunyowetsa milomo.

Ndingadziwe bwanji kuti ndondomeko ikutsatidwa, ndipo ndikadandaule kuti?

Pemphani kuiona. Ngati muli ndi chikalata cha mphamvu chija, kapena kholo lavomereza, nyumba iyenera kukuonetsani, ndipo mukhoza kupempha kukhala nawo pa msonkhano woiunika. Kenako yerekezani zolembedwazo ndi zimene mukuona pa nthawi zosiyanasiyana, makamaka Lamlungu madzulo pamene akuluakulu a nyumba kulibe. Onani ngati magalasi ali pankhope ndipo ndi opukutidwa, ngati kapu ya madzi ili poti dzanja lifika, ngati zikhadabo ndi zoyera, ngati zovala ndi zawodi. Funsani wosamalira amene mwamupeza kuti akuuzeni chinthu chimodzi chimene mayi anu amakonda. Kuyambira mu April 2024 malamulo amafuna kuti nyumbazi zizilola alendo, kupatula ngati pali chifukwa chachikulu chowaletsera.

Mukaona cholakwika, yambani ndi woyang'anira nyumba, ndipo dandaulo lanu likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi ola. Mukapanda kukhutira, pitani ku khonsolo ngati ndiyo ikulipira, kenako kwa wofufuza madandaulo wodziimira payekha wotchedwa Local Government and Social Care Ombudsman, amene amalandiranso madandaulo a odzilipirira okha. Bungwe la CQC siliweruza dandaulo la munthu mmodzi, koma limafuna kuuzidwa ndipo limagwiritsa ntchito zimene lamva posankha koyendera. Ngati mukukayikira nkhanza, kunyalanyazidwa kapena kubedwa kwa ndalama, imbirani nthambi ya khonsolo yoteteza akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo moyo ukakhala pangozi imbani 999. Wosamalira amene akuopa kuulula chifukwa chiphaso chake chokhalira m'dzikomo chili m'manja mwa bwana adziwe kuti akhoza kuuza CQC popanda kutchula dzina lake.